Kalata yotseguka kwa akuluakulu osankha ana opita ku sukulu za udokotala: intavyu yanuyi imalemera bwanji?

Akuluakulu, madini, mapulofesa ndi nonse amene mumakhala m'makomiti osankha ophunzira,

Ndiyambe ndapepesa, kalatayi italika ndipo mwina penapake ndilankhula mopyola msinkhu wanga. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi basi, sindinakhalepo pa panelo yanu olo tsiku limodzi, koma chaka ndi chaka ndimakhala ndi ana amene amalota za udokotala, ndimawathandiza kulemba mafomu, ndimawayeserera mafunso madzulo anzanga ataweruka, nde zotsatira zikatuluka ndine amene ndimawaona nkhope. Inuyo mumangoona mayina pa pepala.

Chaka chathachi ndinali ndi ana awiri amene anayitanidwa ku intavyu pa sukulu imodzi, tsiku limodzi, zipinda zosiyana. Sinditchula sukuluyo, si nkhani ya sukulu imodzi iyi. Mnyamata anatuluka akumwetulira, akuti aphunzitsi zinali zophweka, bwana mmodzi pa panelo anaona pa fomu kuti ndimasewera mpira nde tinacheza za mpira pafupifupi theka la nthawi yonse, tinapezeka kuti timasapota timu imodzi. Mtsikana anatuluka manja akunjenjemera, iye anamufunsa kuti impso ilipo imodzi odwala awiri upatsa ndani, asanamalize kuyankha wina anamudula pakamwa ndi funso lina, ndipo mwanayu ali ndi kachibwibwi kamene kamabwera akapanikizika. Pa mayeso mtsikanayu anali pamwamba pa mnyamata uja. Mnyamata anatengedwa, mtsikana analandira kalata ya mizere iwiri yothokoza chifukwa cha chidwi chake.

Musandimve molakwa, mnyamatayo ndi mwana wabwino ndipo ndikukhulupirira adzakhala dokotala wabwino, ndinamugwira chanza ndi mtima wonse. Koma ana awiriwa sanalembe mayeso amodzi. Wina anafunsidwa za mpira wina za impso, kenako malikisi awo munawayika pa mndandanda umodzi ngati kuti munawayeza ndi sikelo imodzi. Mtsikana uja anasamalira agogo ake odwala zaka ziwiri, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, kuwerenga mapilisi, kuchapa zofunda, palibe amene anamufunsa za zimenezo ndipo iye si mwana woti angayambe yekha kudzitama.

Nde funso langa ndi limodzi, ndipo ndakhala ndikulifunsa zaka zambiri osayankhidwa bwinobwino. Kodi intavyu imalemera bwanji pa chiganizo chanu?

Ndikafunsa ena amati timaona munthu yense wathunthu. Chabwino, koma mawu amenewo mwana angakonzekere nawo bwanji? Zomwe ndikudziwa n'zoti sukulu zimachita mosiyana. Zina mwana akangoyitanidwa malikisi ake a mayeso amafufutidwa, onse amayambira pamodzi ndipo intavyu ndi imene imagamula zonse. Zina zimasakaniza, gawo lakuti mayeso gawo lakuti intavyu. Zina intavyu ndi sefa chabe yochotsera anthu ochepa amene aonetsa khalidwe lodetsa nkhawa. Njira zitatuzi n'zosiyana kwambiri, mwana amene akuwononga ndalama za makolo ake kudzaonekera pamaso panu ali ndi ufulu wodziwa kuti akulowa mu iti. Zilipo sukulu zimene zimalemba poyera, ndikuzithokoza. Zambiri zimangolemba chiganizo chimodzi chozungulira.

Ndipo olo inu amene mumalemba kuti intavyu ndi 30 peresenti yokha, pali kachinthu ka masamu kamene ndikufuna tikaonere limodzi, poti ine masamu ndi gawo la ntchito yanga. Ana amene mumawayitana ndi okhoza kale onse, munasefa kale. Tingoyerekeza, manambalawa ndangopeka kuti tione chitsanzo: onse oyitanidwa ali pakati pa 88 ndi 94 pa mayeso, kusiyana kwa wapamwamba ndi wapansi ndi 6 basi, mukachulukitsa ndi 70 peresenti ya mayeso zikutsala 4.2. Koma pa intavyu wina apatsidwa 40 wina 95, kusiyana 55, kuchulukitsa ndi 30 peresenti zikubwera 16.5. Mwaona? Pa pepala intavyu ndi yaying'ono, koma pa mndandanda weniweni ndi imene ikukankha ana kukwera ndi kutsika, pafupifupi kanayi kuposa mayeso. Chinthu chimalamula osati chifukwa cha peresenti imene mwachipatsa koma chifukwa cha mmene chikumwazira anthu. Ndikukayika ngati onse okhala m'makomiti anu anakhalapo pansi n'kuwerengera zimenezi, ndipo sindikunyoza, dokotala wa opaleshoni si katswiri wa mayeso.

Tsono ngati mphindi 15 kapena 20 zili ndi mphamvu yotere, yoposa zaka zonse za mwana pa desiki, nde tiyenera kufunsa kuti mphindi zimenezi zimaona chani kwenikweni.

Pali nkhani imene ndimafuna aliyense wokhala pa panelo ataimva asanalowe m'chipinda. Mu 1979 sukulu ya udokotala ya University of Texas ku Houston, ku America, inafunsa mafunso anthu pafupifupi 800, n'kuwayika pa mndandanda, n'kusankha 150. Zonse zitatha nyumba ya malamulo ya Texas inalamula kuti kalasi ikule ifike 200. Nthawi inali itapita, ana amene anali pamwamba anali atatengedwa kale ndi sukulu zina, nde anakatola 50 owonjezerawo kuchokera kumunsi kwa mndandanda, anthu amene panelo inali itawakana. Palibe amene anakonza kuti akhale kafukufuku, zinangochitika, koma anthu anzeru anaona mwayi n'kuwatsatira ana onsewa. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 1987. Okanidwa aja ndi osankhidwa aja sanasiyane kwenikweni, kaya pa osiya sukulu panjira, kaya pa mayeso a m'kalasi, kaya m'mawodi, kaya chaka choyamba cha ntchito atamaliza. Ndiye kuti madokotala akuluakulu anataya masiku ambirimbiri kusanja anthu, ndipo kusanjako sikunalosere kanthu. Anthu 50 aja akanapanda andale kulowerera bwenzi atapita kwawo akukhulupirira kuti sakuyenera.

Ina ndi yoseketsa koma yowawa. Ku University of Toronto, Donald Redelmeier ndi mnzake anatenga malikisi a intavyu a anthu pafupifupi 3,000 a zaka 6 n'kuwafananiza ndi malipoti a zanyengo, zinatuluka mu 2009. Ofunsidwa tsiku la mvula anapeza malikisi otsikirapo, pafupifupi 1 peresenti, kuyerekeza ndi a tsiku la dzuwa. Wina anena kuti 1 peresenti n'chani. Bwererani ku masamu aja, pamene mzere wodulira ukudutsa pamakhala ana ambirimbiri othinana, 1 peresenti ndi kusiyana kwa kulowa ndi kubwerera kunyumba. Mwana sanasankhe mitambo.

Chimene chimandiopsa kwambiri si chakuti munthu wofunsa amalakwitsa, tonse timalakwitsa, ine ndimalakwitsa pochonga. N'chakuti samamva kuti walakwitsa. Jason Dana, Robyn Dawes ndi Nathanial Peterson anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2013, anauza anthu kuti afunse ophunzira mafunso kenako alosere mmene adzakhozere temu yotsatira. Ena mwa ofunsidwawo anauzidwa mwachinsinsi kuti aziyankha mwachisawawa, eya kapena ayi mosatengera zoona. Ofunsa aja sanazindikire, anatuluka akumva kuti amudziwa munthuyo, anali atalumikiza mayankho opanda mutuwo n'kupanga nkhani yomveka m'mutu mwawo. Ndipo amene analosera pongoona malikisi akale osafunsa kanthu analosera bwino kuposa amene anacheza ndi munthu. Mutu wa munthu ndi choncho, ukaona nkhope sungakhale osapanga nkhani. Akuluakulu akale anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ine ndimangowonjezera kuti vuto la pa panelo n'lakuti mkuyu amene mwaukana simudzaung'amba n'komwe kuti muone mkati, umapita basi. Mumaona okhawo amene munawatenga, ambiri amakhoza poti anali okhoza kale, nde mumati mwaona, maso athu sanama.

Pano ena mwa inu mwayamba kale kuganiza kuti mphunzitsi uyu akufuna intavyu ithe tizingotenga a malikisi apamwamba. Ayi. Ndakhalapo pa benchi ya chipatala ndi mayi anga, ndikudziwa kusiyana kwa dokotala amene amakuyang'ana m'maso ndi amene amalankhula ndi fayilo. Ndinaphunzitsapo mwana wanzeru zoopsa amene sindikanafuna kuti adzagwire m'bale wanga, wonyoza, wosavomera kulakwa, wokopera ntchito za anzake chonsecho akutha yekha. Mayeso olemba samamugwira munthu wotere. Ndipo khalidwe si nkhani yaing'ono, Maxine Papadakis ndi anzake anaonetsa mu New England Journal of Medicine mu 2005 kuti madokotala amene anadzalangidwa ndi mabungwe oyang'anira ntchito yawo ku America, mbiri ya khalidwe losayenera ali pa sukulu inkapezeka mwa iwo mochuluka, chiopsezo chinali pafupifupi katatu. Kusadalirika, kusamva akamadzudzulidwa. Nde muli ndi chifukwa chomveka chofunira kuona munthu asanalowe.

Komanso kuchotsa intavyu kuli ndi zake. University of Queensland ku Australia inasiya intavyu cha mu 2009 n'kudalira malikisi ndi mayeso olowera okha, patapita zaka zochepa anaona kuti anyamata achuluka kwambiri m'kalasi kuposa kale, poti mayeso olembawo anali kukomera anyamata pamene intavyu inkakokera mbali ina. Ku India kulibe intavyu, ndi mayeso amodzi a NEET, anthu oposa 2 miliyoni pa chaka, nambala yako pa mndandanda ndiyo moyo wako, ndipo mzinda wa Kota unasanduka fakitale ya makalasi okonzekeretsa ana mayeso, amene makolo ake ali ndi ndalama ndi amene amapita. Ndiye palibe njira yoyera mbee. Zimenezo ndikuvomera.

Koma pakati pa kuthetsa intavyu ndi kucheza za mpira pali malo aakulu, ndipo njira yake si yachilendo, anzanu anaipeza kale. Ku McMaster University ku Canada, Kevin Eva ndi anzake anayesa Multiple Mini Interview, imene ambiri amangoti MMI, lipoti lawo linatuluka mu 2004. Nzeru yake anaitenga ku OSCE, mayeso a masiteshoni amene Ronald Harden anayambitsa ku Dundee m'zaka za m'ma 1970, amene inu nomwe mumayesera nawo ophunzira anu chaka chilichonse. Mwana amazungulira masiteshoni angapo, mwina 8 mwina 10, pakhomo awerenga nkhani mphindi ziwiri, alowa mphindi ngati 8, belu lilira apita pena. Pena akumana ndi munthu wochita sewero amene wakwiya, pena afotokozere mnzake chojambula chimene mnzakeyo sakuchiona, pena funso la chikumbumtima. Aliyense wopereka malikisi amapereka payekha osadziwa kuti enawo apereka chani. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu sakhala chimodzimodzi pa nkhani iliyonse, ndipo woyeza aliyense ali ndi zokonda zake, nde kuli bwino anthu 10 akuone mwachidule pa nkhani 10 kusiyana ndi anthu atatu akuone nthawi yaitali pa nkhani imodzi uku akuyang'anana nkhope kuti bwana wamkulu akuganiza chani. Ukapunthwa pa siteshoni yoyamba uli ndi mwayi wodzuka pa yachiwiri. Mtsikana wanga uja akanakhala ndi zitseko 8 osati chimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti inu nomwe simungalole kuti wophunzira wa chaka chomaliza akhoze kapena alephere chifukwa cha macheza a mphindi 15 ndi pulofesa mmodzi, munasiya zimenezo chifukwa munaona kuti sizodalirika. Nanga bwanji pakhomo lolowera ena mukuzisungabe?

Ndikudziwa muyankha kuti MMI imafuna anthu ambiri, zipinda zambiri, ndalama. Zoona, ngakhale mukawerenga maola a munthu aliyense mupeza kuti kusiyana si kwakukulu mmene mumaganizira, poti panelo ya anthu atatu kwa mwana mmodzi nayonso imadya maola. Koma olo mulibe zipinda, pali zinthu zosafuna ndalama. Daniel Kahneman, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2002, ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950 anapatsidwa ntchito yokonza intavyu ya asilikali a Israel. Anachita chinthu chophweka, anasankha makhalidwe 6, anakonzeratu mafunso ofunsa zimene munthu anachitadi m'moyo wake, n'kulamula kuti wofunsa apereke malikisi pa khalidwe lililonse palokha asanapite pa lina, zoti ndikumuona bwanji munthuyu zibwere kumapeto. Ofunsa anadandaula kuti akuwasandutsa makina, koma njirayo inalosera bwino kuposa yakale. Mafunso amodzi kwa ana onse, muyezo wolembedwa wonena kuti yankho la 2 ndi lotani la 5 ndi lotani, aliyense alembe malikisi ake musanayambe kukambirana, wofunsa asaone malikisi a mayeso a mwanayo. Izi zimafuna pepala ndi mwambo basi. Ndipo funso loti n'chifukwa chani ukufuna kukhala dokotala, chonde lipumitseni, mwana aliyense analoweza kale yankho lake, ine ndemwe ndimawalowezetsa, ndikuulula.

Apa ndiye pali nkhani ina imene simukonda kuimva. Chimene mumachitcha kudzidalira kapena kulankhula bwino, nthawi zambiri ndi kuzolowera. Mwana amene bambo ake ndi dokotala wamva nkhani za m'wodi pa tebulo kuyambira ali wamng'ono, analowapo m'chipatala ngati mlendo wolemekezeka, amadziwa kuti pulofesa ndi munthu wamba amene amasekanso. Mwana amene analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso ndipo sayankhidwa mwachangu, kwa inu akuoneka wamantha kapena wobisa kanthu, chonsecho akukupatsani ulemu. Wina akuyankha m'chilankhulo chimene anayamwira, wina akumasulira m'mutu kaye asanatsegule pakamwa, ndipo masekondi atatu amenewo inu mumalemba kuti sakuganiza mwachangu. Pamwamba pa izo pali makampani amene amalipiritsa kukonzekeretsa ana intavyu, MMI yomweyo nayonso ili ndi makosi ake, sindikunena kuti ndi mankhwala a zonse. Pali thiransipoti, pogona, suti. Mu 2020 Covid itabwera ambiri munasamukira pa Zoom ndipo zinathandiza amene sakanatha ulendo, koma zinabweretsanso zake, wina ali m'chipinda chake chabata ndi laputopu, wina akugwira foni yobwereka netiweki ikudukaduka ana akulira kuseri. Zonsezi zimalowa mu malikisi aja ndipo palibe chimene chikukhudza mmene munthu adzagwirire wodwala.

Mwina munena kuti ife ndife anthu achilungamo, sitisankha nkhope. Ndikukhulupirira kuti ambiri mumaganizadi choncho. A ku St George's Hospital Medical School ku London nawonso ankaganiza choncho. Iwo anapanga pulogalamu ya kompyuta yoti izisankha oyitanidwa ku intavyu, anaipanga kuti izitsanzira mmene akuluakulu a pasukulupo ankasankhira, ndipo inkatsanzira bwino kwambiri. Mu 1988 bungwe la Commission for Racial Equality linapeza kuti pulogalamuyo inkachotsera malikisi akazi ndi anthu a mayina osakhala a ku Ulaya, anthu pafupifupi 60 pa chaka ankamanidwa intavyu chifukwa cha zimenezo. Kompyuta sinapeke tsankho, inangolemba poyera zimene anthu ankachita mumtima. Kusiyana kwake n'koti za kompyuta zinagwidwa chifukwa zinalembedwa penapake, za mumtima sizigwidwa. Ku Japan mu 2018 zinaululika kuti Tokyo Medical University inakhala zaka ikutsitsa malikisi a atsikana, boma litafufuza sukulu zina zinapezekanso, ndipo Juntendo University inapereka chifukwa chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimagwira pakamwa: akuti atsikana amakhwima msanga ndipo amalankhula bwino pa intavyu, nde amafuna kuthandiza anyamata. Tamvani. Intavyu inayikidwa kuti ipeze odziwa kulankhula ndi anthu, itawapeza, eni ake anati ayi awa si amene timafuna. Zonsezi zinatheka chifukwa chipinda chinali chotseka ndipo panalibe wakunja wowerenga manambala.

Nde pempho langa lalikulu ndi limeneli, tsegulani mabuku. Lembani pamalo oti aliyense aone kuti intavyu ikulemera bwanji, osati peresenti ya pa pepala yokha koma mutiuze kuti chaka chatha ndi ana angati amene akanalowa ndi malikisi a mayeso koma intavyu inawatulutsa, ndi angati amene inawalowetsa. Chaka chilichonse onani malikisi a wofunsa aliyense, mupeza kuti pali wina amene sapereka kuposa 6 pa 10 kwa munthu aliyense ndi wina amene aliyense kwa iye ndi 9, ndipo tsogolo la mwana likudalira chitseko chimene walowa. Zimenezi zimakonzeka ndi masamu osavuta. Onani ngati atsikana ndi anyamata, a sukulu zolemera ndi zosauka, oyambirira m'mawa ndi omaliza madzulo panelo itatopa, akupeza mofanana. Kenako chachikulu, tengani malikisi a intavyu a ana amene munawatenga zaka 5 kapena 6 zapitazo muwayike pambali pa mmene akuchitira m'mawodi lero. Mafayilo muli nawo, akatswiri owerengera muli nawo m'nyumba yomweyo. Inu ndi amene mumatiphunzitsa kuti mankhwala asaperekedwe popanda umboni woti amagwira ntchito, ndipo chipangizo choyezera magazi chimene chimapereka yankho lina m'mawa lina madzulo mumachitaya. Intavyu nayonso ndi chipangizo choyezera. Ngati yanu ikulosera, tionetseni ndipo ine ndidzakhala woyamba kuuza ana kuti ailemekeze. Ngati sikulosera, ichepetseni mphamvu, ikhale sefa yogwira ochepa amene aonetsa nkhanza, bodza kapena kunyoza, ndipo munthu asachotsedwe ndi mawu a wofunsa mmodzi, aonedwenso ndi ena.

Ndipo pakati paja, pamene ana 200 ali ofanana ndipo malo atsala 40, bwanji osangovomera kuti simungathe kuwasiyanitsa? Dziko la Netherlands kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1970 linkachita maere, wa malikisi apamwamba ankakhala ndi mwayi wokulirapo koma maere ndithu. Anasiya mu 2017 n'kupatsa sukulu mphamvu yosankha zokha, pasanathe zaka zambiri anayamba kudandaula kuti makalasi akudzaza ana a mabanja ofanana, ndipo mu 2023 malamulo anasinthidwa kuti maere aloledwenso. Sindikuti mukopere, ndikudziwa makolo angakuukireni, inenso mwana wanga atagwa pa maere ndikhoza kulira. Koma maere ali ndi chilungamo chimodzi, samamuuza mwana kuti ndiwe wosayenera. Amamuuza kuti unali woyenera malo ndiwo anachepa. Zimene ena mukuchita pano ndi maere omwewo, a mvula ndi mpira ndi chitseko, kungoti mwawaveka tayi ndipo wogwa amapita kwawo akudziimba mlandu.

Ndisaiwale za kalata ya mizere iwiri ija. Mwana wakonzekera miyezi, wabwera, mwamuyang'ana, mwalemba ndemanga pa pepala, pepalalo lilipo. Kumutumizira malikisi ake a gawo lililonse ndi chiganizo chimodzi chonena pamene anafooka kungakutayitseni chani? Mumaopa madandaulo ndi makhoti, ndikumva, koma amene ali ndi muyezo wolembedwa saopa kufunsidwa, amangotulutsa pepala. Woopa ndi amene yankho lake ndi loti sanatigwire mtima. Komanso muzifunsa pa fomu ngati munthu ali ndi chibwibwi kapena vuto la kumva kuti apatsidwe mphindi zowonjezera, pa mayeso olemba zimenezi zimachitika kale, pa intavyu mumaiwala, chonsecho mukusankha anthu oti adzasamalire anthu a mavuto omwewo.

Mtsikana uja sanagwe ulesi, akufuna kuyesanso. Chaka chino wakhala akuthandiza pa malo osamalira okalamba, ndipo amabwera Lachitatu lililonse kuti tiyeserere, ndimamudula pakamwa dala kuti azolowere, zimene zimandipweteka ndemwe chifukwa ndikumuphunzitsa kupirira mwano osati udokotala. Sabata yatha atatseka kope anandifunsa kuti aphunzitsi, kodi ndilimbikire kubwereza mayeso kuti malikisi akwere kapena ndilimbikire zolankhulazi, chofunika kwambiri n'chiti? Ndinatsegula tsamba la sukulu ija pa foni tili limodzi, tinawerenga mutu wonse wa kasankhidwe kawiri. Palibe nambala olo imodzi. Ndinamuuza kuti ndifunsa.

Nde ndafunsa, akuluakulu. Mafomu atsegulidwa posachedwa ndipo Lachitatu akubweranso.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa sayansi